Tsiku Limene Ndinalanda Thobwa la Ankhoswe

Ku Chidzolomondo, kwawo kwa amuna anga, mukafunsa za Graça adzakufunsani kuti Graça wake uti. Mukanena kuti uja analanda thobwa m'manja mwa ankhoswe, ngakhale mwana wosamera mano adzakulozerani msewu wa ku Furancungo kumene ndimakhala. Nkhaniyo aifotokoza ambiri, aliyense ndi mchere wake. Ine ndiifotokoza mmene ndinaionera, ndipo ndinaiona bwino ndithu, ngakhale kuti nthawi yambiri ndinali nditafunditsidwa kapulana, chitenje chija, kumutu.

Mwana wanga Zaida ali ndi matenda a shuga. Anamuyamba ali ndi zaka zinayi. Ankamwa madzi ngati nazale ya fodya, kukodza pamphasa usiku ndi usana, kuonda mpaka nthiti kuonekera pa diresi. Apongozi anga, amayi Esperança, poyamba anati ndi njoka za m'mimba. Kenaka anati ndi tsempho, ndipo ponena mawu amenewo ankayang'ana ine, osati mwana wawo Filipe amene ndinakwatiwa naye. Ku chipatala chachikulu cha ku Tete anati thupi la mwanayo lasiya kupanga insulina, ndiye tizimupatsa ndi singano tsiku ndi tsiku moyo wake wonse.

Enfermera, namwino amene anandiphunzitsa kubaya, anali mayi wosaseka. Anandipatsa lalanje kuti ndiphunzirirepo, ndipo ndinalibaya lalanje lija mpaka linayamba kudontha. Kenaka anandigwira padzanja n'kundiyang'ana m'maso.

"Insulina sadikira munthu," anatero. "Usanamubaye mwana, chakudya uchione ndi maso ako chili m'mbale. Osati chili pamoto, osati wina wakuuza kuti chikubwera. Ukamubaya n'kuchedwa kudya, shuga wa m'magazi amatsika. Adzatuluka thukuta, adzanjenjemera, adzakomoka, ndipo akhoza osadzukanso. Zikayamba zimenezo umupatse shuga weniweni, wothira mu tiyi uja. Uziyenda naye kulikonse, ngakhale kuchimbudzi."

Ine ndinaphunzira mpaka décima classe, kalasi ya khumi, ndipo Biologia ndinkakhoza, koma palibe mayeso amene anandilowa m'mafupa ngati mawu amenewo. Kuyambira pamenepo maso anga anasamukira pachipumi cha Zaida. Akaseka ndimagwira chipumi, akakhala chete ndimagwira chipumi. Anzanga pamsika amati ndidzamufufuta khungu mwanayo. Azinena. M'chikwama mwanga mumakhala kabotolo ka shuga ndi mabolasha, mabisiketi aja, ndipo insulina ndimasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, poti firiji tilibe.

Apongozi anga pa nkhani yonse ya ku Tete anatolapo chinthu chimodzi: wa shuga sadya shuga. Chimenecho anachigwira ngati ndime ya m'Baibulo. Anasanduka polisiya wa zotsekemera. Mwana wina akadutsa ndi nzimbe pafupi ndi Zaida, ankamuthamangitsa mpaka kudimba. Ndinayesa kuwafotokozera kuti pali nthawi imene shuga ndiye mankhwala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mutu utapendekeka mwachifundo, kenaka anati, "Amake Zaida, munthu wolumidwa ndi njoka sitimuonjezera njoka ina."

Ndiye mlamu wanga Cláudia, mchemwali wa a Filipe, anapeza mwamuna. Mnyamatayo ndi Élio, wa ku Ntengo-Wambalame, amene amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto, ku Furancungo. Ndi iye amene amatinyamula ine ndi Zaida tikamakatenga insulina, ndipo Cláudia anamuonera pakhomo pathu pomwe, pamene mlamu wangayo anabwera kudzatithandiza mwana atangotuluka m'chipatala. Élio amadziwa mpaka mtundu wa chivindikiro cha kabotolo ka insulina. Koma titafika ku Chidzolomondo, chinkhoswe chili mawa lake, apongozi anandiitanira m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Alendo akubwerawa asaone singano," anatero.

"Amayi, Élio akudziwa kale."

"Élio ndi mwana. Mwana akadziwa kanthu ndiye kuti sikanadziwike. Akuluakulu ake akamva kuti m'banja muno muli matenda obaya tsiku lililonse, adzati ndi za kumtundu. Mukufuna mlamu wanu akalambire pakhomo pano?"

"Iyayi, amayi."

"Ndiye zobaya zanuzo kuseri kwa chigafa. Ndipo mawa mudzafunda nawo kapulana. Msinkhu wanu ndi wa Cláudia ndi umodzi."

Apa ndiyenera kufotokoza. Apongozi anga anakhala ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerako anatenga mphika umodzi, nyimbo za chigwirizano cha amayi, ndi chinkhoswe cha Chimalawi. Pa chinkhoswe chimenecho mtsikana satuluka yekha. Amafunditsa akazi angapo nsalu kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuwakhazika pamphasa, kuti akuchimuna asankhe amene abwerera. Wofunditsidwa salankhula, satsokomola, sagwedezeka. Anthu amakondwa nazo kwambiri, makamaka amene sanafunditsidwe.

Ndinazindikira kuti nkhani sinali msinkhu wokha. Munthu amene ali pansi pa nsalu sangatulutse siringa yobayira mwana pamaso pa alendo. Koma mtengwa amavomera kaye, kuganiza pambuyo.

Kutacha pakhomo panadzaza. Amayi a m'mudzi anandipatsa dengu la mbatata ya kachewere kuti ndisende, chikwama changa ndikuchisiya m'chipinda cha apongozi, pamene anati m'posungika. Zaida ndinamubaya wa m'mawa, anadya phala lake bwinobwino, kenaka anapeza ntchito yothamangitsa nkhuku ya msoti imene anaimanga kamwendo kuti ikaperekedwe kwa akuchimuna. Nkhukuyo inaduka chingwe, ndipo ana onse a m'mudzi anaizungulitsa nyumba, Zaida patsogolo. Ine ndinkasenda mbatata diso limodzi lili pampeni, lina pa iye, poti kuthamanga nakonso kumatsitsa shuga.

Alendo anati afika m'mawa. Dzuwa linafika pamutu, msewu uli zii. Linayamba kupendeka, ana n'kuyamba kulira mmodzimmodzi ngati achule mvula ikamabwera. Zaida anabwera kudzandikoka kapulana. "Mamã, njala."

Ndinapita kwa apongozi katatu. Ayi, ndisaname, sindinawerenge, koma anafika pondiona ndikubwera n'kutembenukira kumbali. Potsiriza anaomba m'manja. "Apatseni anawa adye, atisokosa. Alendowo mwina kamyao yawafera panjira."

Amayi awiri anapakula mpunga ndi nyemba m'beseni lalikulu n'kuliika pansi pa mtengo wa mapichesi. Ndinapita kukaliona ndi maso anga, monga anandiuzira enfermera. Mpunga unalimo, nyemba zinalimo. Ndinapempha kambale, ndikupatula gawo la Zaida, n'kuika pambali. Kenaka ndinamutenga mwana, insulina ndi siringa ndikuzibisa m'kapulana ngati ndaba, ulendo kuseri kwa chigafa.

"Lero mwendo uti?" ndinamufunsa.

"Uwu unabayidwa m'mawa. Uwu ndiye ukudandaula kuti auiwala."

Ndinatsina kanyama ka pantchafu, ndikubaya, iye akuyang'ana masamba a fodya otsalira kudenga. Salira masiku ano. Amene amalira ndi ine, mkati. Ndikutulutsa singano choncho, ndinamva hutala kumsewu, kenaka nyimbo, kenaka nthungululu.

Pobwerera tinapeza kamyao, lole yaikulu, itaima pabwalo, anthu akutsika. Akuchimuna ananena kuti abwera ochepa, a banja okhaokha. Zikuoneka kuti ku Ntengo-Wambalame aliyense ndi wa banja. Ankatsika, ankatsika, ngati nyerere pa chulu chogumuka, mpaka wina anatsika ndi njinga yake. Apongozi anga anaima pakhonde milomo ikugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti sakupemphera, akuyerekeza mitu ija ndi mpunga.

"Bwezerani mumphika," anauza amayi aja motsitsa mawu. "Zonse. Ana adya alendo akatha."

Beseni linanyamulidwa ana manja ali m'mwamba. Kambale ka Zaida nakonso kanapita.

Ndinawagwira apongozi pamkono, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. "Amayi, ndamubaya kale. Ayenera kudya tsopano lino."

"Tsitsani mawu."

"Kambale kake kokha, amayi."

"Alendo aone mwana wa pakhomo akudya iwo asanasambe m'manja? Atiyesa anthu otani?" Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono. "Mwana safa ndi njala ya kanthawi, amake Zaida. Ife tinayenda wapansi mpaka ku Dedza, ana kumsana, m'mimba mulibe kanthu. Amuna anuwo anali khanda. Si awo ali apowo?"

Ulendo wa ku Dedza umenewo umathetsa mlandu uliwonse pakhomo paja. Mutu ukakupweteka, iwo anayenda mpaka ku Dedza. Ndisanayankhe, amayi a chigwirizano anali atandizungulira kale, akundikankhira m'nyumba kuti akativeke. Ndinapotoloza khosi ndikuona a Filipe atanyamula benchi.

"Bambo a Zaida! M'chikwama mwanga, m'chipinda cha amayi, muli shuga ndi mabolasha. Mumupatse mwana pompano. Ndamubaya."

"Chabwino," anatero, benchi lili pamutu.

"Pompano, osati mukatha mabenchi."

"Ndamva, Graça."

Amuna anga ndi munthu wabwino. Ku Furancungo amakonza mota, amakangana ndi oyendetsa shapa, maminibasi aja, tsiku lina anathamangitsa wakuba mpaka kumtsinje. Koma akangoponda pabwalo la amayi awo amafota ngati mpiru wothyola dzulo. Ndinkadziwa zimenezo. Komabe ndinati kutsegula chikwama si nkhani yofuna kulimba mtima.

M'nyumba anatikhazika atatu: Cláudia, msuweni wake wina, ndi ine. Kunja alendo ankalonjeredwa mmodzimmodzi, aliyense kufunsidwa mmene wasiyira kunyumba, ana, mbuzi, mvula. Thobwa linatuluka m'zidebe. Kwaya inaimba. Ife m'katimo tinkapakidwa mafuta m'miyendo kuti mapazi afanane. Zenera la chipindacho linayang'ana kunkhokwe, ndiye sindinkaona kanthu.

Cláudia anamufunditsa kapulana yatsopano, msuweni yatsopanonso. Ine anandipatsa yakale ya apongozi, imene yachapidwa mpaka maluwa ake kuiwalika. Mpaka lero ndimathokoza kuumira kwawo. Nsalu ija inali itapyapyala moti ndinkaona kunja ngati ndikuyang'ana m'sefa.

Anatitulutsa atatigwira m'mapewa, nthungululu zili pakamwa, n'kutikhazika pamphasa pakati pa bwalo. Maso anga anayamba kusaka. A Filipe ndinawaona ali pakhomo la khitchini, chikwama changa chili m'manja, atachitsegula kukamwa. Anapisamo dzanja, kutulutsa thewera lakale, kubwezeramo. Anapita kwa amayi awo n'kuwanong'oneza. Apongozi anayankha mawu ochepa osawayang'ana n'komwe, n'kuwalozera pa benchi la amuna. A Filipe anayang'ana benchi, anayang'ana kumene kunali ana, kenaka anakakhala pa benchi, chikwama chili pamiyendo ngati mayi wodikira sikelo.

"Cláudia," ndinanong'ona nsalu isakugwedezeka. "Shuga wanga ali kuti?"

"Khalani chete, alamu, atimva."

"Ali kuti?"

"Amayi anamupeza m'mawa. Anati mukupha mwana mwakabisira. Anathira m'thobwa la akuluakulu, poti shuga anachepa."

"Mabolasha?"

"Anapatsa a kwaya."

Pamenepo n'kuti nkhoswe ya kuchimuna itaimirira. Anali a Felizardo, atsibweni ake a Élio, mlimi wa mbatata wovala jekete la mvula tsiku lopanda mtambo. M'dzanja anali ndi chikho chachikulu cha thobwa, chija amapatsa mlendo wolemekezeka. Anthu a kwawo anayamba kuseka asanatsegule n'komwe pakamwa, ndiye ndinadziwa kuti tagwa m'manja mwa munthu amene anauzidwa ali mwana kuti amaseketsa.

"Eni mudzi, zikomo," anayamba. "Ife kwathu tinaona kankhuku kathu kakusowa madzulo aliwonse. Tinati kodi kakudya kuti? Tatsata mapazi, tatsata mapazi, mpaka tawoloka mitsinje. Mitsinje yake ndiitchule?"

"Itchuleni!" anayankha a kwawo.

Anaitchula. Pa mtsinje uliwonse panali nkhani yake. Pena kamyao inatitimira, pena iwo ali mnyamata anagwa ndi thumba la mbatata. Chikho chinkakwera kufika pachibwano, n'kutsikanso chosamwedwa, chifukwa pakamwa pawo panalibe mpata wolowera thobwa.

Zaida ndinamupeza pansi pa mtengo wa mapichesi, pamene panali beseni lija. Ana ena anali atathamangira kutsogolo kudzaonera ife. Iye anatsala yekha, atatsamira tsinde, miyendo atatambasula. Zaida satsalira pa chinthu choonerera. Ndinati mwina watopa ndi nkhuku ija. Ndinati mwina a Filipe anamupatsa kena kake ndisanatuluke. Munthu wamantha amadzinamiza kwambiri kuposa wolimba mtima, kusiyana kwake n'koti sakhulupirira.

A Felizardo anafika pamphasa pathu n'kuyamba kutizungulira. "Tsopano taonani zimene atichita eni mudzi. Tabwerera nkhuku imodzi, atiikira madengu atatu." Anawerama pa mapazi a msuweni. "Awa mapazi ngolima. Koma Élio anati wake ndi wosalala ngati mbatata yosenda." Anthu anagwa nacho chiseko. Anabwera pa ine. Ndinamva fungo la thobwa, la chimera ndi shuga, shuga wanga. "Awa akunjenjemera. Kodi n'chikondi, kapena aona jekete langali?"

Kudzera m'maluwa ofufutika a kapulana ndinaona mutu wa Zaida ukugwera paphewa, n'kudzuka, n'kugweranso. Kutsogolo kwa diresi lake kunali kutada ndi thukuta. Dzanja lake linali pabondo, likugwedezeka lokha. Mayi wina wa alendo amene anakhala chapafupi anamuyang'ana n'kugwira mnzake.

"Taonani mwana wamwambo uyo. Anzake ali piringupiringu, iye wangokhala phee. Pakhomo pano amalera."

Ndinaimirira.

Amati ndinakuwa. Sindinakuwe. Amatinso ndinawagwetsa a Felizardo, bodza limenelo. Ndinangoimirira nsalu ili kumutu, ndipo bwalo lonse linati zii, poti dengu siliimirira lokha. Ana ena anathawa, akuyesa chilombo cha kudambwe chalowa pa chinkhoswe cha Akhristu. Ndinakankha kapulana ija, ndikugwira chikho ndi manja awiri.

"Com licença, bambo, pepani."

Iwo anagwiritsa, mwina poyesa ndi mbali ya mwambo wa ku Dedza. Ndinakoka. Thobwa pang'ono linatayikira pa jekete la mvula, ndiye tinganene kuti jeketelo linagwira ntchito yake tsiku limenelo.

Ndinagwada pa Zaida n'kumuutsa mutu. Khungu lake linali lozizira, lonyowa ngati mtsuko. Maso anali otsegula koma ankandidutsa.

"Zaida. Ndine mamã. Imwa."

Milomo inagwedezeka. Ndinathira pang'ono, ndikudikira kuti ndione pakhosi. Akakomoka sumuthira kanthu m'kamwa, anatero enfermera, angatsamwe. Pakhosi panayenda. Ndinathiranso. Anameza. Thobwa lija linali lotsekemera ngati uchi, apongozi sanaumire pa alendo. Ndinapitiriza pang'onopang'ono, thobwa likutsikira m'chigongono.

"Bambo a Zaida," ndinatero osatembenuka. "Mbale ya mpunga. Mukafunsa kwa amayi anu, mukagone komweko."

Ndinamva benchi likugwa. Mpunga unabwera, ndi ntchafu ya nkhuku pamwamba, imene ndikukhulupirira kuti inali ya a Felizardo.

Kumbuyo kwanga apongozi anali atayamba kale kukonza zinthu. Anagwada pamaso pa alendo, manja ali pamodzi, mawu ali ofewa ngati a pamaliro.

"Pepani, alendo athu, pepani ndithu. Uyu ndi mtengwa wathu, si magazi a pakhomo pano. Anaphunzira kwambiri, ndiye dzuwa likatentha mutu umamuvuta. Ife tinazolowera. Mwanayo alibe kanthu, n'tulo chabe."

Anthu anang'ung'udza mwachisoni. Ndinamva mayi wina akuti sukulu ikachuluka imatero, kwawonso aliko wina. Ndiye taonani, pa mphindi imeneyo ndinali wamisala, ndipo ukwati wa Cláudia unali utapulumuka. Sindinatsutse. Maso anga anali pa Zaida, amene nkhope yake inkabwerera pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali. Anaphethira. Anayang'ana chikho, anayang'ana ine, kenaka anaona ntchafu ya nkhuku n'kuigwira. Atatafuna kangapo anayang'ana khamu lonse lija limene linkamuyang'ana, ndipo anaona kuti pakufunika kufotokoza.

"Si tulo, agogo," anatero, mawu ake ang'ono koma omveka. "Shuga anatsika. Mamã anandibaya insulina kuseri kwa chigafa, ndiye inu munatenga mpunga wanga." Anakweza diresi n'kuloza pantchafu. "Apa."

Apongozi anga anatsala chogwada.

A Felizardo ankapukuta jekete ndi kampango. Anasuzumira kwa Zaida. "Kodi ameneyu ndiye mwana wa singano uja? Élio, si uyu umatiuza kuti umamunyamula pa mota?"

"Ndi yemweyo, atsibweni," anayankha Élio.

"Aa, tinamumva kalekale. Amati salira pobayidwa, kuposa ine." Anatembenukira kwa apongozi. "Nanga mwana wotere mumamukhazika ndi njala bwanji, amayi? Ife tikanadziwa tikanati adye ife tisanatsike n'komwe."

"Ndimadabwa ine," anatero mayi uja anayamikira mwambo wa Zaida. "Ndinaona kuti kukhala chete kumeneku si kwabwino."

Ndinaganiza kuti zikatere a Felizardo afupikitsa, anthu adye. Anayang'ana madengu awiri otsala pamphasa, anayang'ana dzanja lawo lopanda chikho, n'kunena kuti popeza awadula pakati, sakukumbuka pamene analekezera, ndiye ayambira pa mtsinje woyamba. Atafika posankha, pa akazi awiri okha, analozabe msuweni.

M'mawa mwake, alendo atapita, banja linandikhalira pansi. Apongozi anafotokoza mlandu wanga mwadongosolo: ndinavula nsalu pamaso pa alendo, ndinalanda chakumwa cha mkulu, ndinalalatira mwamuna wanga pagulu. Za shuga wa m'chikwama sanatchule. Nditatchula ine, anati imeneyo ndi nkhani ina, tisasakanize. A Filipe anafunsidwa maganizo awo. Maso ali pansi anati, "Mwana akanafa, amayi." Anangonena zomwezo, koma kwa iwo pabwalo limene lija unali ulendo wa ku Dedza.

Chigamulo chinali chakuti sindidzafunditsidwanso nsalu pa chinkhoswe chilichonse cha banja lawo, ndipo pakabwera alendo olemekezeka ndizikhala kutali ndi zikho. Ndinawerama mutu monga woyenera kumva chisoni. Cláudia anatuluka msanga atagwira pakamwa.

Ukwati unachitika fodya atagulitsidwa. Anthu a ku Ntengo-Wambalame anabweranso ndi kamyao yomwe ija, ndipo anachedwanso. Koma dzuwa lisanafike pamutu ndinaona apongozi anga akudutsa pabwalo ndi mbale yovindikira, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Anaiika pamaso pa Zaida.

"Pakhomo pano mwana wa shuga amadya poyamba," analengeza kwa amayi a chigwirizano. "Ndi lamulo langa kuyambira kale. Matenda amenewa amafuna munthu wowadziwa."

Amayi aja anavomereza ndi mitu. Ine ndinavundukula mbale, ndinaona mpunga ndi maso anga, ndinaiika pamiyendo panga, ndikumubaya mwana pomwepo pakhonde, mbale ndisanaisiye. Palibe anakomoka poona singano.

Shuga masiku ano sakhala m'chikwama. Ndinasoka kathumba kamene ndimamanga m'chiuno, mkati mwa kapulana, pamene ngakhale apongozi sangapisepo dzanja popanda mlandu. Chakumadzulo kwa tsiku la ukwatilo, abusa atakhala pansi kuti amwe tiyi, apongozi anabwera kudzandinong'oneza.

"Amake Zaida, shuga watithera, ndipo abusa samwa tiyi wosatsekemera. Simunatengeko kaja mumayenda nako?"

Kathumba kaja kanali kakundikanda pachiuno, kodzaza bwino.

"Ndinasiya, amayi," ndinatero. "Munandiphunzitsa kuti n'koopsa."